Zala za Kuseri kwa Nsalu

Sunthirani kuno, ndipo wa foniyo aiike m'thumba. Masiku ano aliyense ndi wojambula, ngakhale munthu wosadziwa kumene dzuwa liyenera kukhala. Kale kujambula inali ntchito, ndipo kwathu kuno ntchitoyo inali ya Kefasi.

Kefasi sukulu analekezera panjira, osati chifukwa cha umbuli ayi. Bambo awo anaona kuti mbuzi zogulitsa zingokwanira mwana mmodzi, ndiye anasankha wamkulu, Tobiyasi. Tobiyasiyo anaphunzira nakhala kalaliki kuboma, wa jekete ndi tayi, wolankhula nawe akuyang'ana pa wotchi. Kefasi anatsala ndi njinga yakapalasa ndi kakamera kamene anagula kwa munthu wina wochokera ku Joni.

Kakamerako kanali ka filimu, kakang'ono ngati sopo wosambira, kosupuka m'makona. Kanali ndi maso awiri. Pamwamba panali kazenera koyang'aniramo munthu, m'munsi mwake diso lenileni lojambula. Ukamajambula gulu la kwaya lili patali, maso awiriwo ankagwirizana. Koma ukayandikira kuti ujambule nkhope ya pa chitupa, ankasiyana. Iwe ukuona mutu uli pakati, kamera ikuona cham'mbali, kumene diso lako silinafike. Kefasi ankati, "Kameneka kali ngati mkazi wanga, kamaona zimene ine sindinaone."

Kagetsi kake kanapsa kalekale, ndiye ankajambulira panja pokhapokha, dzuwa lili kumsana kwake. Ndipo poti kamera zoterezi ukaziyandikiza kwambiri nkhope imatuluka ngati chifunga, anamangirirako kachingwe kokhala ndi mfundo kumapeto. Mfundoyo ikakhudza mphuno ya munthu, mtunda wakwana. Kumbuyo kwa munthuyo ankayanika nsalu pa waya, pakati pa mitengo iwiri ya mango pakhomo pake.

Nsaluyo inali itatha, yachikasu ngati mano a wosuta chingambwe. Tsiku lina Tobiyasi atabwera kudzaona kumudzi, mphepo inavuta. Kefasi anati, "Achimwene, tandigwirirani nsaluyi kuseriko, ikuuluka."

Tobiyasi anaseka pamaso pa anthu. "Ine ndinapita kusukulu kuti ndizigwira nsanza?"

Kefasi mawuwo anangowasunga, monga mmene timasungira mbewu padenga.

Tobiyasi anamwalira nyengo yozizira. Kefasi, poopa kunenedwa, anagula nsalu yoyera mbee, yaitali ndithu, napereka kwa adzukulu, aja osamala mtembo ndi kukumba manda. Mkulu wawo, a Chatsika, anaimirira pakhomo la siwa nalengeza kuti, "Mng'ono wa malemu, a Kefasi, apereka nsalu yoyera kuti mbale wawo afunde." Anthu anawomba m'manja mwakachetechete.

Koma Kefasi atalowa m'nyumbamo, anapeza a kuofesi abweretsa bokosi lonyezimira ndi mabulangete atsopano. Nsalu yake inali itangoponyedwa pakona ngati chopukutira. Mtima unamuwawa. Wamoyo anandinyoza, lero anzake akundinyozanso, ndiye nsalu yabwino chonchi ikadyedwe ndi chiswe? Anaipinda naibisa m'malaya. M'chipindamo munali anthu awiri okha, ndipo winayo anali m'bokosi.

Kunja kutayamba kutentha, inafika nyengo yolembetsa makalabu a feteleza, ndipo aliyense ankafuna chithunzi cha pa chitupa. Kefasi anatulutsa nsalu ija naiyanika pa waya. Mkazi wake, Nangozo, anali ndi pakati, pathupi poyamba atadikira zaka zambiri mpaka anthu anatopa kumunena. Anaiyang'ana nsaluyo nati, "Yatsopano iyi mwaitenga kuti, abambo?"

"Ndagula."

"Ikufanana ndi ina yake."

"Nsalu zoyera zonse zimafanana. Kaphikeni."

Zinayamba ndi mapegi. Kefasi ankapana nsalu m'mawa, kulowa m'nyumba kukatenga kamera, potuluka mapegi palibe.

"Nangozo, mapegi anga mwatenga ndinu?"

"Ine ndiyanike chiyani? Sopo alimo m'nyumba muno?"

"Ndiye atenga ndani, nkhuku?"

"Kazifunseni nkhukuzo."

Kefasi anayamba kukayikira ana a oyandikana nawo, kenako wojambula mnzake wa kumsika, amene ankadziwika kuti amayenda mwa asing'anga. Koma panali chinthu chimodzi chimene sanafune kuchiganizira. Mapegi atasowa, nsaluyo sinkagwa. Inkaima yokungika bwinobwino. Mphepo inkagwedeza masamba a mango, fumbi n'kumauluka pabwalo, koma nsalu ili chiimire ngati khoma.

Galu wake analeka kudutsa pakati pa mitengo ija, ankazungulira kunkhokwe. Mfundo ya pa kachingwe nayo ankaipeza itasunthira mkati, ngati wina akufuna kuti kamera isendere pafupi. Iye ankaimasula n'kuibwezera, mawa lake yasunthanso. Mayi wina atakhala pampando kuti ajambulidwe anatembenuka kawiri, nati, "Kodi kuseriku kuli ndani?"

"Kulibe munthu. Yang'anani kuno, mayi, dzuwa likupita."

"Nanga akundipumira m'khosiyu ndani?"

Filimu itadzaza, Kefasi anapalasa kupita kutauni kukatsukitsa. Wotsuka zithunzi anali Wedisoni, munthu wa magalasi, wosaseka. Anamupatsa zithunzi ndipo Kefasi anaziyala patebulo. Nkhope zinatuluka bwino, nsalu kumbuyo yoyera ngati ufa. Koma cham'mbali, kumene kazenera sikaona, m'mphepete mwa nsalu munali zala. Zala zinayi, zochokera kuseri, zitagwira nsalu. Pa chithunzi chilichonse.

"Wedisoni, mwasakaniza filimu yanga ndi ya wina."

"Akulu, ine ndimangotsuka. Chimene chalowa pa diso ndi chimene chimatuluka. Wokugwirirani nsaluyo muzimuuza abise zala."

"Palibe amandigwirira nsalu ine."

Wedisoni anavula magalasi, napukuta, navalanso. "Ndiye muuzeni yemweyo."

Kefasi anayang'anitsitsa. Chala cha mkombaphala chinali chopindika kunsonga. Tobiyasi ali mwana diwa la mbewa linamugwera pa chala chomwecho, ndipo sichinawongokenso. Kefasi anadziuza kuti anthu a zala zopindika ndi ambiri pa dziko. Anadziuzanso kuti Wedisoni ndi wojambula wa kumsika uja ayenera kuti amamwera limodzi. Anatulutsa sizasi yake m'thumba, nadula m'mbali mwa zithunzi zonse. Pajatu chithunzi cha pa chitupa chimadulidwa ndi kale. Eni ake anakalandira nkhope zawo n'kuthokoza, osadziwa chimene chinatsala pansi pa tebulo la Wedisoni.

Pobwerera tsiku limenelo, dzuwa litapendeka, Kefasi anaona munthu pa mlatho wa padambo. Anavala jekete, kunja kukutentha chonchija. Anali atafulatira msewu, manja onse awiri ali m'mwamba, otambasuka, ngati munthu woyanika chinthu. M'manjamo munalibe kanthu. Kefasi analiza belu.

"Wawa, akulu!"

Zii. Podutsa pambali pake anamva fungo la dothi lonyowa, chikhalirecho mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Anapalasa osacheuka. Mawa lake anayanikanso nsalu. Munthu ukapsa mtima ndi wakufa umaiwala kuti iye ntchito ina alibe.

Filimu yachiwiri inadzaza msanga. M'mawa wa tsiku lopita kutauni anaika filimu ina m'kamera, ndipo Nangozo anati, "Anthu onse mwawajambula, ine ndilowa kalabu ndi nkhope yanu?" Kefasi anamukhazika pampando, mfundo inakhudza mphuno, nakanikiza. Nangozo anadzuka akusisita phewa. "Mthunzi wa mangowu ukuzizira bwanji lero."

Ulendo uno Wedisoni anangoika zithunzi patebulo nabwerera kuchipinda chake. Zala zija zinali zitachoka m'mphepete. Pa chithunzi choyamba panaoneka dzanja lonse. Pa chotsatira, mkono wa jekete. Chithunzi ndi chithunzi dzanjalo linkasendera kwa wokhala pampando. Chomaliza chinali cha a Dzimbiri, chiphona chonyamula matumba kuchigayo, munthu amene chibadwire sanamwepo ngakhale panado. Dzanja linali litakhazikika paphewa pawo, chala chopindika chili pafupi ndi khosi. Pamenepo sizasi inalibe podula.

Atafika kumudzi anaona anthu atasonkhana kwa a Dzimbiri. Mkuluyo anali atagona padzuwa, atafunda mabulangete ndi ziguduli, mano akuwombana. Ankangofunsa kuti, "Wandigwira ndi dzanja lonyowa ndani? Muuzeni achotse."

Kefasi anakumbukira amene anakhala pampando pambuyo pa a Dzimbiri. Anathamangira kuseri kwa nyumba yake, natsegula kamera padzuwa, nasolola filimu yonse kuti ipse. Ankaganiza kuti chithunzi chikapanda kutsukidwa ndiye kuti sichinachitike. Atabwera kumaso kwa nyumba anapeza Nangozo atakhala pakhonde, atadzikulunga zitenje ziwiri.

"Abambo, phewa ili likuchita ngati ndalisenzera madzi."

A Dzimbiri sanamalize sabata. Tsiku la maliro awo m'mawa, Nangozo anakwera ngolo ndi azakhali ake kupita kuchidikiro, kuchipatala cha mishoni, poti masiku ake anali atayandikira ndipo kuzizirako kunkawaopsa. Ananyamula beseni ndi kamtolo ka zovala. Kefasi anawaperekeza mpaka pamsewu, nabwerera, nachotsa nsalu pa waya. Inali yolemera ngati yonyowa. Anaipinda naibisa m'malaya monga tsiku lija, napita kumanda.

Anthu atabalalika, adzukulu akusonkhanitsa makasu, Kefasi anasendera kwa a Chatsika. Asanatsegule pakamwa, mkuluyo anayang'ana pamimba pake potukuka.

"Mwabwera nayo?"

"Munadziwa bwanji?"

"Ndinailengeza ndine, koma m'bokosi sindinaiikemo. Ndinkangodikira kuti ndione ituluka kuti." A Chatsika analavula. "Inu a Kefasi, mumayesa polengeza paja timauza ndani? Anthu aja maso ali nawo, akhoza kuona okha. Timauza mwini wake. Mbale wanu anamva kuti wapatsidwa chofunda. Wafika uko, chofunda palibe."

"Anali ndi mabulangete a kuofesi."

"A kuofesi ndi abale ake? Tiyeni."

Anapita pa mtumbira wa Tobiyasi, awiri okha. A Chatsika anakumba pang'ono chakumutu, nagwada, nawomba m'manja. "Tobiyasi, katundu wako uja wabwera. Anthu uwasiye." Anatambasula nsalu kuti aipindenso mwa mwambo, akuipima ndi mikono. Atafika kumapeto anaima. Anayambiranso.

"Nsalu iyi si yonse."

"Ndi yomweyo."

"Ndinaipima ndi manja anga omwewa tsiku lija. Taonani kuno, yadulidwa ndi sizasi."

Kefasi anayang'ana modulidwamo. Anakumbukira Nangozo tsiku lina akunena kuti, "Nsalu yanuyi yatalikitsa, ikukwekwereza pansi." Anakumbukira atamupeza pakhonde akusoka kanthu koyera n'kukabisa akuseka, poti za mwana wosabadwa sizionetsedwa. Anakumbukira kamtolo kaja pa ngolo.

"Yotsalayo ili kuti?" anafunsa a Chatsika.

Kefasi anali atafika kale pamene anasiya njinga.

Dzuwa linali paliwombo, msewu uli mbee, wopanda munthu. Atadutsa mlatho wa padambo anaona wa jekete uja ali kutsogolo. Tsopano manja anali atatsitsa, akuyenda mosapupuluma ngati munthu wopita kuntchito. Kefasi anapalasa mpaka kuimirira pa njinga, thukuta likulowa m'maso, koma mtunda pakati pawo sunachepe. Anakuwa, "Achimwene! Nsalu yanu ndabweza! Achimwene, ndinalakwa ndine, mkaziyo sakudziwa kanthu!" Munthuyo sanacheuke. Pa geti la chipatala anakhota nalowa.

Kefasi atafika pa getipo anafunsa mlonda, "Walowa pano wa jekete uja wapita kuti?"

"Jekete, ndi dzuwa ili? Mwamwa, bambo?"

Asanafike pakhonde anamva nthungululu. Azakhali aja anatuluka akuvina. "Mwamuna! Mwabereka mwamuna, a Kefasi! Matenda anayambira pa ngolo pomwe."

"Nangozo?"

"Ali bwino. Ee, mukupita kuti? Amuna salowa mmenemo!"

Iye analowa. Nangozo anali gone pabedi, wotopa, thukuta lili pamphumi. Anamwetulira. "Abambo, kuzizira kuja kwachoka. Kwangochoka pomwe mwanayu amatuluka."

Mwanayo anali pambali pake, atakulungidwa mu nsalu yoyera mbee. Sankalira. Maso anali otsegula.

Kefasi anagwira nsaluyo nayamba kumuvula. Namwino anakuwa, "Bambo inu, mutu ukuyenda bwino? Mwana wangobadwa kumene!" Azakhali anamukoka malaya. Iye anangoti, "M'patseni chitenje, m'patseni chilichonse." Nsalu inachoka m'thupi lonse koma inakanirira m'manja. Kamwanako kanali katafumbata m'mphepete mwake ndi manja onse awiri. Kefasi anayesa kutambasula tizalato, osatheka. Namwino naye anayesa, nasiya, nabwerera m'mbuyo.

Kefasi anatulutsa sizasi yake ija, nadula mozungulira nkhonya ziwirizo, monga mmene ankadulira zithunzi. Tizidutswa tiwiri tinatsalira m'manja mwa mwana.

Azakhali anawerama kuti amufunditse chitenje, naseka. "Taonani kachala aka, kopindika kunsonga. Ndi ka kubanja kwanu aka. Si mmene chinalili cha malemu achimwene anu?"

Kefasi ankadziwa kuti chala cha Tobiyasi sichinali chobadwa nacho. Chinali cha diwa.

Nsalu yotsalayo anakaikwirira ndi a Chatsika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mkuluyo anaona mabowo awiri aja, nayang'ana Kefasi, nakwirira osafunsa. Mwana atadzatambasula manja, m'manjamo munalibe kanthu. Anafunafuna pabedi, m'zitenje, pansi, osapeza ngakhale ulusi.

M'mudzi simunafenso munthu ndi matenda a kuzizira aja. Nangozo anachira, mwana anakula wonenepa. Kefasi sanajambulenso. Waya uja anausiyira mkazi wake kuti aziyanikapo zovala. Mwanayo sanamumenyepo, sanamutumepo, ndipo pakudya ankadikira kuti iye ayambe. Anthu ankati taonani chikondi cha bambo amene anadikira mwana nthawi yaitali. Anthu amalankhula zambiri.

Tsiku lina mwanayo atayamba kulankhula bwino, Nangozo ankayanika zovala pa waya uja ndipo mphepo inavuta. Kefasi anali pakhonde akumata chubu cha njinga.

"Iwe," anatero Nangozo, "tandigwirira nsaluyi kuseriko, ikuuluka."

Mwanayo anasiya kuseweretsa dothi. Sanayang'ane mayi ake. Anayang'ana pakhonde, nthawi yaitali, ngati munthu woyang'ana pa wotchi.

"Ine ndinagwira kale," anatero. "Afunseni awo."

Chaka chomwecho Kefasi anagulitsa kamera, kenako njinga, kenako mbuzi, kuti mwanayo sukulu asadzalekeze. Lero mwanayo ali kuboma. Mukadzapita kukafuna chitupa mudzamuona, amavala jekete ngakhale mu Okutobala. Mudzamupatse moni mwaulemu, ndipo foni yanuyo idzakhale m'thumba momwemo.